Tsamba Limodzi la Pulani Likasintha

Wofuna kumanga sukulu ya nsanjika zitatu mumzinda ngati New York amayenera kupereka ku ofesi ya zilolezo mtolo wa mapulani umene masamba ake amatha kupitirira 100. Pali masamba osonyeza malo ndi ngalande zake, ena a maziko ndi zitsulo, ena a zipinda, makomo ndi masitepe, ena a mapaipi a madzi, ena a mawaya a magetsi, enanso a zida zozimira moto. Masambawa sajambulidwa ndi munthu mmodzi. Katswiri wojambula nyumba amachita mbali yake, injiniya wa zitsulo yake, wa magetsi yake, ndipo kawirikawiri aliyense amakhala ku kampani yake. Ku ofesi nakonso ounika amakhala angapo, wina woona za kulimba kwa nyumba, wina za moto, wina ngati munthu woyenda pa njinga ya olumala angathe kulowa ndi kutuluka bwinobwino.

Sizichitikachitika kuti mtolo wotere uvomerezedwe ulendo woyamba. Umabwerera kwa eni ake ndi ndemanga: masitepe awa ndi opapatiza, khomo ili likutsekukira mkati pomwe liyenera kutsekukira kunja, apa simunasonyeze kukula kwa chitsulo. Akatswiri aja amakonza, mwina masamba 6 okha mwa masamba 120. Apa ndi pamene pamabuka funso limene limaoneka laling'ono koma lavutitsa maofesi ambiri. Kodi atumizenso masamba 6 okhawo, kapena mtolo wonse? Ndipo akatumiza 6, ofesi idziwa bwanji kuti tsamba latsopano ili likulowa m'malo mwa liti?

M'nthawi ya mapepala yankho linali m'manja ndi m'maso mwa munthu. Masamba anali aakulu, ku America kawirikawiri mainchesi 24 ndi 36, ndipo m'mayiko ambiri kukula kwa A1, komwe ndi mamilimita 594 ndi 841. Munthu amabwera pa kauntala ndi masamba okonzedwawo atawakulunga kukhwapa, mtolo wakale n'kumasulidwa, tsamba lakale n'kusololedwa, latsopano n'kulowetsedwa pamalo pake. Lakalelo amalilemba kuti latha ntchito. Amene anakaperekapo pulani ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe kapena wa Blantyre n'kuuzidwa kuti akakonze zina adzazindikira zimenezi. Ntchitoyo inali yochedwa, koma wochitayo amayang'ana pakona ya tsamba, kuwerenga nambala, ndipo akaona zokayikitsa amafunsa pomwepo.

Kenaka mapulani analowa m'kompyuta. Kampani ya Adobe inatulutsa mtundu wa fayilo wa PDF mu 1993, ndipo mu 2008 unakhala muyezo wa bungwe la ISO. Dziko la Singapore linali m'gulu la oyambirira kulandira mapulani pa intaneti kudzera m'njira yake ya CORENET. Mu 2011 mzinda wa New York unatsegula ofesi yotchedwa Development Hub, komwe mapulani amaunikidwa pa kompyuta osati papepala. Mliri wa Covid-19 utatseka makauntala mu 2020, ngakhale maofesi amene ankazengereza anakakamizika kutsatira. Lero mizinda yambiri ya ku America imagwiritsa ntchito mapulogalamu ngati ProjectDox, ya kampani ya Avolve, kapena Bluebeam Revu, momwe wounika amatha kuyeza mtunda, kulemba ndemanga patsamba lenilenilo ndi kudinda chidindo popanda inki. Kusolola tsamba lakale ndi kulowetsa latsopano tsopano kumachitidwa ndi pulogalamu, ndipo pulogalamu siikayika, siifunsanso. Imachita zimene malamulo ake akunena.

Manambala awiri a tsamba limodzi

Gwero la chisokonezo chambiri n'lakuti tsamba lililonse la pulani ya pakompyuta lili ndi manambala awiri amene sagwirizana. Yoyamba ndi malo amene tsambalo laima m'fayilo: la 37 mwa masamba 120. Yachiwiri ndi nambala imene wojambula analemba m'kabokosi ka pakona, kawirikawiri kumunsi chakumanja, monga A-101. Taganizirani matumba a chimanga pa mzere wa ku chigayo. Thumba limene lili lachitatu tsopano likhala lachiwiri posachedwa, ndipo wina akalowerera kutsogolo likhala lachinayi. Chimene sichisintha ndi dzina la mwini wake lolembedwa pathumbapo. Nambala 37 ndi malo a pa mzere. A-101 ndi dzina.

Wounika akalemba kuti vuto lili patsamba 37, ndemangayo imakhala yoona kwa kanthawi. Injiniya wa maziko akangowonjezera tsamba limodzi kutsogolo, tsamba lija lasanduka la 38, ndipo ndemanga yokhudza masitepe tsopano ikuloza pa tsamba la zimbudzi. Zimaipiraipira pamene masamba 6 okha atumizidwa m'fayilo yatsopano, chifukwa kompyuta imawawerenga kuyambira 1 mpaka 6. Pulogalamu imene imagwirizanitsa masamba potsatira malo awo ikhoza kutenga pulani ya nsanjika yachiwiri n'kuiika m'malo mwa chikuto cha mtolo wonse, ndipo kwa iyo palibe cholakwika.

Mtundu wa PDF uli ndi njira yothandizira pamenepa. Mkati mwa fayilo masamba amawerengedwa kuyambira pa 0, koma tsamba lililonse lingathe kupatsidwa chizindikiro chake chooneka kwa wowerenga, mofanana ndi mmene mabuku ena amalembera masamba a mawu oyamba ndi manambala achiroma asanayambe 1. Wojambula wosamala amaonetsetsa kuti chizindikiro chimenechi chikufanana ndendende ndi zimene zalembedwa pakona ya tsamba. Ambiri sachita zimenezi, ndiye mapulogalamu ena, kuphatikizapo Bluebeam Revu, amalola munthu kuloza kabokosi ka pakona kaja kuti pulogalamuyo iwerenge yokha nambala ya tsamba lililonse. Njirayi imayenda bwino ngati pulani yatuluka mwachindunji m'pulogalamu yojambulira, pomwe zilembo zidakali zilembo. Ngati pulaniyo inasindikizidwa papepala n'kujambulidwanso ndi makina, kompyuta imangoona chithunzi ndipo imachita kulota: chilembo O imatha kuchitenga ngati 0, S ngati 5, I ngati 1. Tsamba S-101 likawerengedwa ngati 5-101 limakhala lopanda mnzake, ndipo limalowa m'mtolo ngati mlendo pomwe lakale likadali pamalo pake.

Kuti dzina la tsamba likhale lodalirika, payenera kukhala mgwirizano wa katchulidwe. Ku America ambiri amatsatira muyezo wotchedwa United States National CAD Standard, umene unatuluka koyamba mu 1999. Chilembo choyamba chimanena za mtundu wa ntchito: G ndi nkhani zokhudza mtolo wonse, C ndi za malo ndi misewu, S za mafupa a nyumba monga maziko ndi nsanamira, A za maonekedwe ndi zipinda, P za mapaipi, M za makina a mpweya, E za magetsi. Nambala yotsatira imanena za mtundu wa chojambula: 1 ndi nyumba poiyang'ana kuchokera pamwamba, 2 poiyang'ana cham'mbali, 3 ngati yadulidwa pakati, 5 tizigawo tating'onoting'ono tojambulidwa mokulitsa, 6 mindandanda ya makomo, mazenera ndi zina zotero. Manambala awiri omaliza ndi ongotsatizana. Choncho A-101 ndi tsamba loyamba la zipinda, ndipo S-501 ndi tsamba loyamba la tsatanetsatane wa zolumikizira ndi zina za injiniya. Ubwino wake waukulu ndi wakuti pali mipata. Kuwonjezera S-104 sikusuntha tsamba lililonse la gulu A kapena E.

Nanga ngati tsamba latsopano liyenera kulowa pakati pa A-102 ndi A-103? Mtima wa munthu wokonda dongosolo umafuna kukankha onse, kuti latsopano likhale A-103 ndipo lakale lisanduke A-104. Ine ndikuti zimenezi ndi zimene siziyenera kuchitika mtolo ukangoperekedwa koyamba. Pulogalamu idzaona A-103 yatsopano n'kuiika pamwamba pa A-103 yakale, pomwe ndi zojambula ziwiri zosiyana kotheratu. Ndemanga zonse zidzasochera, ndiponso timivi ta m'masamba ena tonena kuti "onani pa A-103" tidzakhala tikunama. Odziwa ntchito amapatsa tsamba latsopanolo dzina ngati A-102A, kapena amaliika kumapeto kwa gulu lake. Zimaoneka zosakongola, koma mbiri ya tsamba lililonse imakhala yosaduka. Tsamba lochotsedwa nalonso siliyenera kungosowa mwakachetechete. Potumiza masamba ochepa okha, kusabwera kwa tsamba kumatanthauza kuti silinasinthe, ndiye ofesi ingadziwe bwanji kuti ili lokha lasowa chifukwa lachotsedwa? Liyenera kulembedwa poyera kuti lachotsedwa, nambala yake isapatsidwenso kwa lina, ndipo tsamba la mndandanda wa masamba onse, lomwe limakhala kumayambiriro, litumizidwenso litakonzedwa. Tsamba la mndandandali ndi limene anthu amaiwala kwambiri, chonsecho ndi lokhalo limene limanena kuti mtolo wathunthu ndi uti.

Maofesi ambiri ogwiritsa ntchito ProjectDox anasankha njira ina yachidule: tsamba lililonse likhale fayilo yakeyake, ndipo dzina la fayilo ndilo dzina la tsamba. Lamulo lawo limadabwitsa anthu atsopano. Fayilo yokonzedwa iyenera kutumizidwa ndi dzina lomwe lija, osasintha ngakhale kadontho. Pulogalamu ikaona dzina lofanana imasunga yakale pansi n'kuika yatsopano pamwamba ngati mtundu wachiwiri wa tsamba lomwelo. Koma chizolowezi cha tonse amene timagwira ntchito pa kompyuta ndi kuwonjezera mawu padzina: yokonzedwa, yomaliza, kapena deti la tsikulo. Wochita zimenezo amakhala kuti wabereka tsamba lachiwiri, ndipo mtolo umakhala ndi masitepe a mitundu iwiri, opapatiza ndi otakata, onse akudikira chidindo. Mzinda wa New York uli ndi kachitidwe kake, koika mbiri ya tsamba m'nambala momwemo: A-101.00 ndi tsamba loperekedwa poyamba, ndipo likasinthidwa pambuyo povomerezedwa limakhala A-101.01. Njira ziwirizi ndi zosiyana, ndipo kampani imene imagwira ntchito m'mizinda ingapo iyenera kuwerenga malangizo a mzinda uliwonse paokha.

Kuona chimene chasintha

Kugwirizanitsa masamba ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kupeza chimene chasintha. Mwambo wakale, umene udakalipo, ndi wakuti wojambula amazunguliza malo osinthidwa ndi mzere wokhotakhota wooneka ngati mtambo, pambali pake n'kuika kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala ya kusinthako, kenaka n'kulemba deti ndi chifukwa chake m'kabokosi ka pakona. Maofesi ambiri amafunanso kalata yoyankha ndemanga iliyonse, yonena tsamba limene pali yankho. Vuto lake n'lakuti mtambo umangosonyeza zimene wojambula wakumbukira, kapena zimene wafuna kuti zioneke.

Apa ndi pamene kompyuta imaposa maso. Pulogalamu imatha kusanjikiza tsamba latsopano pamwamba pa lakale, lina m'mizere yofiira, lina m'mizere yobiriwira. Zofanana zimaphimbana n'kuoneka zakuda, ndipo chilichonse chosuntha, ngakhale khoma losunthidwa pang'ono chabe, chimaonekera ndi mtundu wake. Komabe zimenezi zimatheka pokhapokha ngati masamba awiriwo ali ndi kukula kofanana, sikelo yofanana, ndipo chojambula chili pamalo omwe aja. Wina akasindikiza fayilo yatsopano ataichepetsa kuti ikwane papepala laling'ono, tsamba lonse limafiira ndi kubiriwira, ndipo kusintha kwenikweni kumabisala m'chipwirikiti chimenecho.

Owerenga ena anganene kuti zonsezi ndi nkhani za makalaliki. Zimene zinachitika mumzinda wa Kansas City zikutsutsa maganizo amenewa. Pa 17 July 1981, mu hotela ya Hyatt Regency, milatho iwiri yoyendapo anthu imene inalendewera pamwamba pa bwalo lalikulu la mkati inagwa anthu ali pa dansi. Anthu 114 anafa ndipo oposa 200 anavulala. M'pulani yoyamba, ndodo zazitali zachitsulo zinayenera kuchokera kudenga, kudutsa m'mitanda ya mlatho wa pa nsanjika yachinayi, mpaka kukanyamula mlatho wa pa nsanjika yachiwiri. M'zojambula za kampani yopanga zitsulo, ndodo iliyonse inagawidwa pawiri: ina yonyamula mlatho wapamwamba kuchokera kudenga, ina yonyamula wapansi kuchokera ku mitanda ya wapamwambawo. Papepala kusinthaku kunali kwa mizere yochepa. Koma kunachititsa kuti cholumikizira cha pa mlatho wapamwamba chisenze katundu wowirikiza kawiri. Ofufuza a bungwe la National Bureau of Standards anapeza kuti ngakhale pulani yoyambayo siinkafika pa mlingo wa malamulo a mzindawo, ndipo kusinthako kunangoonjezera kufooka. Mainjiniya amene anavomereza zojambulazo analandidwa ziphaso zawo m'chigawo cha Missouri.

Ngoziyi inachitika m'nthawi ya mapepala, ndipo zojambula zosinthidwazo zinkayenda pakati pa opanga zitsulo ndi mainjiniya. Siinali nkhani ya pulogalamu yosokoneza manambala. Ndaitchula chifukwa imaonetsa kulemera kwa funso limene njira yonse younikira mapulani imayesa kuyankha: chasintha n'chiyani, ndipo ndani wachiona ndi kuchiwerengera? Pulogalamu ingathe kuonetsa kuti ndodo imodzi yasanduka ziwiri. Kuzindikira kuti katundu wawirikiza ndi ntchito ya injiniya, ndipo injiniyayo sangayambe n'komwe ngati tsamba losinthidwalo silinafike pamaso pake, kapena lafika ndi dzina la tsamba lina.

Tsono n'chiti chabwino, kutumiza mtolo wonse kapena masamba osintha okha? Maofesi amene amafuna mtolo wonse nthawi zonse ali ndi mfundo yomveka. Fayilo imodzi yomaliza ndiyo imadindidwa, ndipo palibe chosoka pamodzi. Koma wounika amene walandira masamba 120 n'kuuzidwa kuti osintha ndi 6 amakhala ndi zosankha ziwiri, kukhulupirira mawuwo kapena kuyang'ananso onse, ndipo pa desiki yodzaza ntchito ambiri amakhulupirira. Kusintha kosanenedwa, kwadala kapena kwangozi, kumadutsira pamenepo. Kutumiza masamba ochepa kumatseka khomo limeneli, pakuti tsamba losatumizidwa silingasinthe. Koma kumatsegula lina. Khoma likasunthidwa pa A-101, swichi ya magetsi pa E-101 ikhoza kutsala pakhoma limene kulibenso, ndipo mtanda wa pa S-101 ukhoza kukhala pamalo olakwika. Masamba a pulani amadalirana, ndipo wokonza limodzi ayenera kufunsa kuti ndi ati enanso amene akhudzidwa.

Kwa ine njira ya masamba ochepa ndi yabwinopo, koma pokhapokha ngati pulogalamu ikusunga mbiri ya tsamba lililonse potsatira dzina lake, ndipo wounika akuonetsedwa mtolo wathunthu wosokedwa kale, osati masamba 6 oyandama okha. Ofesi imene ilibe pulogalamu yotere ichita bwino kufuna mtolo wonse ndi kusanjikiza tsamba lililonse pa lakale lake, ngakhale amene akuti sanasinthe. Zolemba zazitali monga mawerengero a injiniya ndi nkhani ina. Izo zimadalira manambala otsatizana, ndime imodzi ikakula zonse zapambuyo zimasuntha, choncho zimayenera kubweranso zathunthu.

Pali chopinga chinanso chimene nthawi ya mapepala inalibe. Injiniya amasaina mapulani ake, ndipo pa kompyuta siginecha yotetezedwa imamangirira fayilo yonse monga mmene ilili: tsamba limodzi likasololedwa kapena kulowetsedwa, siginechayo imasonyeza kuti fayilo yasokonezedwa. Ndi mmene iyenera kugwirira ntchito. Koma zikutanthauza kuti mtolo wosainidwa ngati fayilo imodzi sungasinthidwe tsamba popanda kusainidwanso wonse, ndipo fayilo yokhomedwa kwambiri imakaniza ngakhale wounika kulembapo ndemanga kapena kudindapo. N'chifukwa chake maofesi ena amafuna tsamba lililonse lisainidwe palokha, ndipo ambiri amanena mosapsatira kuti mafayilo asabwere okhoma.

Ulendo wonsewu umathera pamalo omangira. Malamulo a International Building Code, amene anatuluka koyamba mu 2000 ndipo madera ambiri a ku America amawatsatira, amafuna kuti mapulani ovomerezedwa azisungidwa pamalo a ntchito kuti woyendera wa boma athe kuwaona, ndiponso kuti kusintha kochitika ntchito ili mkati kuperekedwenso kuti kuvomerezedwe. Choncho masamba amapitiriza kusintha ngakhale chilolezo chitatuluka, ndipo kontrakitala akhoza kukhala ndi A-101 yosindikizidwa mwezi watha pomwe ku ofesi kuli ina ya sabata ino. Mmisiri sadziwa za mafayilo ndi mayina awo. Iye amayang'ana pepala limene kapitawo wamupatsa, n'kuyamba kuyala njerwa. Chimene chingamuteteze ndi nambala ya tsamba, nambala ya kusintha ndi deti, zolembedwa pakona mooneka bwino, zimene kapitawo angazifanizire ndi mndandanda wa masamba wa posachedwa.

Masamba akale nawonso safufutidwa. Pulogalamu yabwino imawachotsa pamaso pa omanga koma imawasunga pansi pa atsopano, lililonse ndi ndemanga zake, dzina la woliunika ndi tsiku limene linalowedwa m'malo. Malamulo omwe aja amati ofesi isunge mapulani ovomerezedwa kwa masiku osachepera 180 ntchito itatha, kapena motalikirapo ngati malamulo a m'deralo atero. Khoma likadzang'ambika, kapena mwini nyumba akadzafuna kuonjezera nsanjika ina pamwamba, injiniya amene adzaitanidwe adzayamba wafunsa kuti S-101 imene inamangidwa ndi ya deti liti.